Alendo a Mapiko pa Madambo a Chitedze

Mwana aliyense amene adakhalapo m'kalasi ya Sitandade 5 amadziwa kuti dziko la Malawi lilibe gombe la nyanja ya mchere. Lazingidwa ndi Mozambique, Zambia ndi Tanzania, ndipo munthu wa ku Chitedze wofuna kulawa madzi a Indian Ocean ayenera kuyenda makilomita mazanamazana kuti akafike ku Beira kapena ku Nacala. Pa chifukwa chimenechi ambiri amaganiza kuti nkhani ya mbalame za kunyanja siwakhudza anthu a ku Mpingu, ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Komatu amene angalawire m'mamawa mwezi wa Disembala, n'kukakhala chete m'mphepete mwa damu la ku Malingunde kapena pa dambo lalikulu limene lasunga madzi a mvula, angathe kudzionera yekha kuti maganizo amenewa ngolakwa.

Pamwamba pa madzi pamaoneka kambalame kotuwira, kocheperako pa njiwa, ka mapiko aatali osongoka. Sikasambira ngati bakha, ndiponso sikayenda m'matope ngati kakowa. Kamauluka mopepuka moyang'anizana ndi mphepo, n'kumatsika mwadzidzidzi kudzatola kachirombo pamwamba pa madzi, kenaka n'kukweranso. Abusa a ng'ombe amakaona chaka ndi chaka, koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kambalameka n'ka m'banja la mbalame zimene Angerezi amazitcha tern, zomwe zambiri mwa izo moyo wawo wonse umathera pa magombe a nyanja za mchere. Ndi ochepanso amene amadziwa kuti dzira limene kadaswedwamo lidaikiridwa kutali, m'madambo a kum'mawa kwa Ulaya kapena a pakati pa Asia. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo uyu amafika chilimwe chikamatha, ndipo pofika mwezi wa Epulo amakhala akumanga ulendo wobwerera kwawo.

Madzi a ku Chitedze ndi njira zake

Dzina la Chitedze limakumbutsa ena za nyemba yoyabwa ija ya m'tchire, koma ambiri amalidziwa chifukwa cha siteshoni yofufuza za ulimi imene idakhazikitsidwa mu 1948, makilomita 16 kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe pa msewu wa ku Mchinji. Dera lonseli ndi chidikha chokwera mamita pafupifupi 1,100 kuchokera pa nyanja ya mchere. Ndi dziko la chimanga, mtedza ndi fodya, ndipo pakati pa minda pamadutsa madambo aataliatali, opanda mitengo, a dothi lakuda lamakande.

Dambo limagwira ntchito ngati chinkhupule. Mvula ikagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, udzu ndi dothi la m'dambo zimamwa madzi, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'miyezi ya chilimwe. N'chifukwa chake mitsinje ina siuma ngakhale mu Okutobala. Madzi a mbali ya Namitete amatsikira mu mtsinje wa Bua, umene umakathira m'nyanja ku Nkhotakota. Madzi a mbali ya Dzalanyama amatsata mtsinje wa Lilongwe, amayamba aima pa madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba lomangidwa mu 1966 ndi lachiwiri mu 1989, kenaka n'kukakumana ndi Linthipe, amene amakathira m'nyanja ku Salima. Motero madambo, madamu, mitsinje ndi nyanja n'zolumikizana ngati mikanda ya pa chingwe chimodzi, ndipo mbalame za m'madzi zimatsata chingwe chimenechi pofunafuna chakudya.

Eni dera

Wofuna kuphunzira mbalame ayambe ndi eni dera, amene amakhala kuno chaka chonse. Woyamba ndi kakowa, mnzake wa ng'ombe, amene amatola ziwala ndi tizirombo tina tothawa ziboda. Ngakhale amaoneka wamba, kakowa ali ndi mbiri yodabwitsa. M'zaka za m'ma 1870 adaoneka koyamba ku South America ataoloka nyanja ya Atlantic ndi mapiko ake, popanda munthu womunyamula, ndipo lero wafalikira pafupifupi m'makontinenti onse.

Chimeza ndicho mphunzitsi wa kudekha. Chimaima m'madzi osaya nthawi yaitali, khosi chitapinda, mpaka nsomba kapena chule aiwale kuti pali mdani. Pouluka chimapinda khosi, pamene dokowe amaliwongola. Kusiyana kumeneku n'kokwanira kuti munthu azizindikire mbalame ziwirizi zili m'mwamba.

Nantchengwa, amene ena amati katawa, ndi wofiirira, wa mutu wonga nyundo. Chisa chake chimene amamanga pa mphanda ya mtengo n'chachikulu kotero kuti chingathe kupirira kulemera kwa munthu wamkulu, ndipo khomo lake ndi kauna kakang'ono koyang'ana pansi. Makolo ankaletsa ana kuphwasula chisa cha nantchengwa, ati tsoka limatsata wochita zimenezo. Kaya munthu akhulupirire kaya ayi, chiletso chimenechi chidateteza mbalameyi zaka zambiri malamulo a boma asadalembedwe.

Pa madzi akuya pali mphipi, yakuda, imene imasambira thupi litamira, khosi lokha lili pamtunda. Nthenga zake zimalowa madzi, zomwe zimaithandiza kumira pothamangitsa nsomba, koma ikatuluka iyenera kukhala pa chitsa kapena pa mwala mapiko itatambasula kuti aume. Palinso tsekwe wamkulu uja wa chikhadabo pa phiko, ndi zipweyo za nkhope yoyera zimene zimaimba likhweru zikamadutsa usiku. Pa madzi a maluwa oyandama pamayenda mbalame yofiirira ya zala zazitali kwambiri, imene imaponda masamba osamira. Kwa mbalame imeneyi mwambo ngwotembenuka: yaimuna ndiyo imafungatira mazira, ndipo pakagwa zoopsa imanyamula anapiye kunsi kwa mapiko, timiyendo tawo tili lendelende.

Mfumu ya onsewa ndi nkhwazi, ya mutu ndi chifuwa choyera, imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi kuyambira 1964, ndiponso pa mbendera ya Zambia. Yaikazi imakula kuposa yaimuna. Polira imaponya mutu kumbuyo, ndipo mawu ake amamveka kutali pa madzi. Pamene pali nkhwazi pali nsomba ndi mitengo italiitali, chifukwa popanda ziwirizi mbalameyi singakhazikike.

Alendo ochokera kutali

Kuyambira mwezi wa Sepitembala m'mphepete mwa madzi mumayamba kuoneka nkhope zachilendo. Ndi timbalame totuwa, ta miyendo yaitali ndi milomo yowonda, toyenda m'matope. Kena kamagwedeza mchira mosalekeza ndipo kakadzidzimuka kamauluka chapansipansi, mapiko akunjenjemera. Kena n'kakang'ono zedi, kolemera magalamu pafupifupi 25, monga masupuni awiri aakulu a shuga, koma kamachokera kumpoto kwenikweni kwa Russia, m'mphepete mwa nyanja ya Arctic, ulendo wa makilomita opitirira 9,000. Timbalame timeneti n'tomwe anthu amakationa pa magombe a ku Mombasa, ku Beira ndi ku Durban. Tina timatsata gombe la nyanja ya mchere, tina timadzera kumtunda potsata nyanja zikuluzikulu za kum'mawa kwa Africa, ndipo ndi timeneti timene timatera pa madambo a ku Lilongwe.

Chimene chimatithamangitsa kwawo ndi njala. Kumpoto kukazizira madzi amaundana, tizirombo timasowa, pamene kuno mvula yoyamba imadzutsa inswa, ziwala ndi nyongolotsi. Tisadanyamuke timadya kwambiri n'kusunga mafuta m'thupi, ndiwo kamba wa paulendo. Njira timaidziwa poyang'ana dzuwa masana ndi nyenyezi usiku, ndiponso timamva mphamvu ya maginito ya dziko lapansi imene imaloza kumpoto. Katswiri pa maulendo amenewa ndi tern wa ku Arctic, m'bale wa kambalame ka ku Malingunde kaja. Iye sadzera kuno, amatsata nyanja ya mchere yokhayokha, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 adaonetsa kuti pa chaka chimodzi amauluka makilomita pafupifupi 70,000.

Mvula ikayamba amafikanso adokowe a mitundu iwiri. Woyera wa mlomo wofiira amachokera ku Ulaya. Wakuda wa mimba yoyera amachokera kumpoto kwa Equator, m'maiko a m'mphepete mwa chipululu cha Sahara. Onse awiri amatera m'minda m'magulumagulu, n'kumadya ziwala, dzombe ndi ntchemberezandonda. Mlimi wa ku Nsaru amene amaona adokowe m'munda mwake adziwe kuti walandira aganyu osafuna malipiro.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku Ulaya sankadziwa kumene mbalame zawo zimapita nyengo yozizira. Ena ophunzira ndithu ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope pansi pa maiwe mpaka kutenthe. Mu 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz ku Germany, adapha dokowe woyera amene adali ndi mkondo wa ku Africa utabaya khosi lake n'kutulukira kwina. Mlenje wina wa ku Africa adaulasa, koma dokoweyo adauluka nawo mkondowo mpaka kwawo. Mbalameyo ikusungidwabe pa yunivesite ya Rostock, ndipo idakhala umboni wosatsutsika wakuti adokowe amafika ku Africa. Mu 1899 Hans Christian Cornelius Mortensen, mphunzitsi wa sukulu wa ku Viborg m'dziko la Denmark, adayamba kuveka mbalame timphete ta aluminiyamu tolembedwa nambala ndi keyala. Njira imeneyi ikugwirabe ntchito, ndipo m'chigawo chino cha Africa mbiri ya timphete imasungidwa ndi bungwe la SAFRING pa yunivesite ya Cape Town. Choncho amene angatole mbalame yakufa ili ndi kamphete ku mwendo asakataye. Alembe nambala yake, tsiku ndi malo, n'kukapereka kwa a Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire. Kakalata kotereko kangathe kuuza munthu wa ku Poland kapena ku Finland kumene mbalame yake idakathera.

Pa mchenga wa Senga Bay

Amene wazolowera maso pa dambo la kwawo adzapindula kwambiri tsiku limene adzatsikire ku nyanja. Kuchokera ku Chitedze kudzera ku Lilongwe ndi Salima mpaka ku Senga Bay ndi ulendo wa makilomita opitirira 130, ndipo msewu umatsika mamita opitirira 600. Nyanja ya Malawi ilibe mchere, koma njaitali makilomita pafupifupi 580, ndipo pena ndi yakuya mamita opitirira 700. Ili ndi mafunde, zilumba, mchenga ndi mphepo zake, mwera wa m'nyengo yozizira ndi mpoto wa m'dzinja. Kwa mbalame imeneyi ndi nyanja yokwana.

Sipafunika bwato kuti munthu aone zambiri. M'bandakucha, asodzi a usipa akamakocheza, mbalame zoyera za mutu wotuwa, za mlomo ndi miyendo yofiira, zimene Angerezi amati gull, zimadikira pafupi kuti zitole zogwa m'maukonde. Mtundu umenewu umakhala kuno chaka chonse, koma nthawi ya mvula pakati pake pamapezeka ina yaikulupo, ya msana wakuda, yochokera kumpoto kwa Ulaya. Mphipi zazikulu za chifuwa choyera zimadutsa chapansipansi mondondozana, kuchokera ku zilumba kumene zimagona. Miyala ya pa chilumba cha Namalenje, chimene chimaoneka munthu ali pa mchenga, njoyera ndi zitosi zake, monganso ya pa Boadzulu kufupi ndi Mangochi, pamene mphipi zimaswana zambirimbiri. Mbalame ina ya mawanga akuda ndi oyera imaima malo amodzi m'mlengalenga, mapiko akupiza, mutu utaloza pansi, kenaka n'kudziponya m'madzi ngati mwala.

Nthawi ya mvula patali pa nyanja pamaoneka zinthu zonga utsi wa moto. Imeneyo ndi nkhungu, tizirombo tosawerengeka timene timatuluka m'madzi nthawi imodzi, tomwe anthu a kunyanja amakola n'kupanga ndiwo. Wopenyetsetsa adzaona timadontho toyera tikuzungulira utsiwo. Amenewo ndi alendo aja a ku Ulaya ndi ku Asia, ali pa phwando.

Mbalame zenizeni za pakati pa nyanja ya mchere sizibwera kumtunda mwa kufuna kwawo. Koma namondwe wochokera ku Indian Ocean amatha kuziponya kutali, ndipo zina zapezekapo zitatopa pa madamu a ku Zimbabwe ndi kumpoto kwa South Africa. Anamondwe monga Idai wa mu Malichi 2019 ndi Freddy wa mu Malichi 2023 adasiya maliro ndi mabwinja m'dziko muno, ndipo palibe amene angawalakelake. Komabe mphepo yotere ikadutsa, woyang'ana mbalame ayenera kutsegula maso, chifukwa ndi pamene mbalame yosayembekezeka imatera pa madzi a kumtunda.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Luso loyang'ana mbalame silifuna chuma. Magalasi oonera patali ngothandiza, koma kope ndi pensulo n'zofunika kuposa. Nthawi yabwino ndi m'mamawa ndi madzulo. Munthu akhale pansi dzuwa lili kumbuyo kwake, kuti kuwala kugwe pa mbalame osati m'maso mwake. Zovala zikhale zosawala. Asaloze ndi dzanja, asaime pamwamba pa chulu pomwe thupi lake lingaonekere kutali, ndipo galu amusiye kunyumba. Poyamba mbalame zimathawa, koma akakhala duu kwa mphindi 20 kapena 30 zimabwerera n'kuyamba kudya ngati palibe munthu.

Akaona mbalame yachilendo asathamangire kufuna dzina. Ayambe walemba zimene waona. Kodi njaikulu ngati mpheta, njiwa, nkhuku kapena tsekwe? Mlomo wake ngowongoka, wopindikira pansi kapena wopindikira m'mwamba? Miyendo njotalika bwanji, ya mtundu wanji? Ikauluka pamaoneka choyera pa mapiko kapena pa mchira? Ikudya motani: ikumira, ikujompha m'matope kapena ikutola pamwamba? Ajambule kachithunzi ngakhale koipa, alembe tsiku, nthawi, malo ndi mmene kunja kudachera. Dzina lidzapezeka m'buku pambuyo pake, koma zimene maso sadaone buku silingabweze.

Powerenga gulu lalikulu, awerenge khumi zoyamba bwinobwino, aone kukula kwa malo amene zatenga, ndipo agwiritse ntchito muyeso umenewo pa gulu lonse. Ndimo amachitira anthu odzipereka amene amawerenga mbalame za m'madzi m'maiko ambiri mwezi wa Januwale, ntchito imene idayamba mu 1967. Chiwerengero cha tsiku limodzi sichinena zambiri, koma cha dambo lomwelo, mwezi womwewo, kwa zaka khumi, chimasonyeza ngati dambolo lili moyo kapena likufa.

Pali zoyenera kusamala. Madzi oima amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo, choncho kuyang'ana kuchitike munthu ali pouma. Mu Bua ndi m'malo ena a kunyanja muli ng'ona ndi mvuu. Madamu a ku Malingunde ali ndi eni ake, a Lilongwe Water Board, ndipo madimba a m'dambo ali ndi eni akenso. Kupempha chilolezo ndi ulemu umene umatsegula njira ya mawa.

Amene angaganize kuti luso limeneli ndi la Azungu okha amve za Jali Makawa. Iye adayamba kugwira ntchito ndi C. W. Benson kuno ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, ndipo adatchuka pakati pa akatswiri chifukwa cha maso ndi makutu ake, poti ankazindikira mbalame ndi kulira kwake kokha. Mu 1964, m'nkhalango ina kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, adapeza kambalame kamene palibe adakalembapo, ndipo akatswiri adakapatsa dzina la sayansi lakuti Pogoniulus makawai pomulemekeza. Benson ndi mkazi wake adasindikiza buku la mbalame za m'Malawi mu 1977. Buku lina la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 lidawerenga mitundu pafupifupi 650 m'dziko muno. M'mabuku amenewa muli khama la anthu akuda ambiri amene adalondola njira, adakwera mitengo ndi kutchera khutu.

Chimene chili pa chiswe

Mbalame imene yauluka makilomita 9,000 imafika itatha mafuta. Ikapeza kuti dambo limene idatera chaka chatha lasanduka munda wouma, ilibe mphamvu zokafunira lina kutali. Apa ndi pamene nkhani ya mbalame imakumana ndi nkhani ya anthu.

Anthu achuluka pa chidikha cha Lilongwe, minda yachepa, ndipo madimba alowa mpaka pakati pa madambo. Ngalande zokumbidwa kuti madzi achoke msanga zimaumitsa chinkhupule chija. Oumba njerwa amakumba dothi, okumba mchenga amagumula magombe a mitsinje, ndipo moto wa osaka mbewa umatentha bango momwe mbalame zimaswera. Kumtunda, nkhalango ya Dzalanyama, imene idatetezedwa ndi boma mu 1922 ndipo kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 99,000, yadyedwa ndi makala opita mu mzinda, kotero kuti mu 2015 asilikali adatumizidwa kukailondera. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukalitaya m'madamu, ndipo damu lodzaza matope limasunga madzi ochepa.

Sikoyenera kunyoza mayi wolima dimba kapena bambo wokankha njinga ya makala, pakuti njala ndiyo imawatuma. Koma ndi iwo omwe amene amayamba kuvutika chitsime chikauma mu Sepitembala. Chimene chimapirikitsa chimeza ndi chomwecho chimene chimatalikitsa ulendo wa mtsikana wokatunga madzi. Mbalame zimangoyamba kuchoka, anthu n'kudzazindikira pambuyo.

Phunziro lina likuchokera ku nyanja ya Chilwa, imene idalembedwa mu 1996 pa mndandanda wa madambo ofunika pa dziko lonse, potsata pangano la ku Ramsar la mu 1971. Dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire lidalowa pa mndandandawo mu 2017. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2018. Nsomba zikasowa anthu amatembenukira ku mbalame, ndipo kafukufuku wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adapeza kuti zokodwa pa chaka zidali zopitirira miliyoni imodzi. Pambuyo pake osaka mbalame eni ake adapanga makomiti, n'kugwirizana za malo osasakako ndi miyezi yoleka kusaka kuti mbalame ziswane. Adaona kuti wodya nkhuku pamodzi ndi mazira ake mawa adzagona ndi njala. Nzeru yomweyo ingagwire ntchito pa dambo la mudzi uliwonse: mfumu ndi anthu ake angapatule kachigawo ka pakati, pamene madzi amakhalitsa, kuti pasalowe khasu kapena moto.

Mawu kwa aphunzitsi ndi omaliza sukulu

Mphunzitsi wa ku Namitete kapena ku Nambuma amene amadandaula kuti sukulu yake ilibe chipinda cha sayansi ali nacho china chachikulu kuseri kwa bwalo la mpira. Pa dambo pali Jogalafe, chifukwa ulendo wa dokowe ungalondoledwe pa mapu kuchokera ku Ulaya, kudzera ku Turkey ndi ku Egypt, mpaka ku Lilongwe. Pali Masamu a kuwerenga ndi kujambula magalafu. Pali Bayoloje ya milomo ndi zala, mmene chilichonse chimagwirizanirana ndi chakudya cha mwini wake. Palinso Chichewa, chifukwa maina ambiri a mbalame akutha pamodzi ndi nkhalamba zimene zimawadziwa. Mwana atumidwe kukafunsa kuti, "Agogo, kodi mbalame yotere inu munkaitcha chiyani, nanga ikalira munkati kwagwanji?" Mayankho alembedwe m'kope la sukulu pafupi ndi zithunzi. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene lidayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ndipo mphunzitsi wofuna kuyamba sadzayamba yekha.

Mnyamata wodziwa kugwira legeni ndi kutchera ulimbo asathamangitsidwe m'kalabu yotere. Iyeyo ndiye amadziwa kale kumene mbalame zimagona, chimene zimadya ndi nthawi imene zimamwa madzi. Chimene akusowa ndi munthu womuonetsa kuti nzeru zake zili ndi mtengo woposa kanyama ka pa makala kamene sikakhutitsa ndi mwana yemwe.

Kwa amene alemba mayeso a Folomu 4 ndipo akudikira kunyumba, masiku amatalika ndipo mtima umafooka. Kuyang'ana mbalame sikulonjeza ntchito kwa aliyense. Komabe malo ogona alendo a kunyanja, ku Liwonde, ku Nyika ndi ku Dzalanyama amafuna operekeza alendo odziwa mbalame, ndipo ofufuza amafuna anthu a m'deralo odziwa kuwerenga ndi kulemba zoona. Kope lodzaza bwino la zaka ziwiri ndi umboni umene munthu angaonetse. Ngakhale ntchito isapezeke, chizolowezi chopenyetsetsa, chodekha ndi cholemba chokhacho chimene maso aona n'chothandiza kwa mlimi, kwa namwino ndi kwa wamalonda yemwe.

Mwezi wa Epulo, chimanga chikamauma m'minda ya ku Chitedze, kambalame kotuwira kaja kamasintha malaya. Mutu ndi thupi zimada bii, mapiko n'kutsala oyera, chizindikiro chakuti nthawi yokaswa yakwana. Masiku angapo timaoneka tambiri pamwamba pa damu, tikudya mwakhama, ndipo m'mawa wina pamadzi pamangokhala zii. Amene adalemba tsiku limene tidafika alembenso tsiku limene tachoka, asunge kope lake posafika chiswe, ndipo mu Sepitembala akakhalenso pamalo pomwepo kudikira.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mbalame za m'nkhalango ya Dzalanyama.